Ndodo ya Apongozi

Kugogoda kunamvekanso ndodo ija ili m'manja mwa Theresa.

Anali atangoilanda kwa apongozi ake aamuna, yunifolomu ya kuchipatala asanavule n'komwe. "Bambo, ndatopa nazo! Mukandifuna muziitana, osati kumenya khoma ndi ndodo. Sindine wantchito wanu!"

Go! Go! Go! Phokosolo linkachokera pansi pa windo, mu hita yachitsulo yotenthetsa chipinda.

Mwamuna wake, Lucious, analowa ndi kakiyi ndi kapu. Anagwada osayang'ana munthu, n'kupotokola pambali pa hitayo. Mpweya unatuluka kuti fuuu, kenako timadzi tinadonthera m'kapu.

"Ndi mpweya unatsekeredwa m'mapaipi," anatero Lucious. "Nyumba zakale za mumzinda uno wa South Bend zimatero kukazizira."

Hita inakhala chete. Theresa anagwada pambali pa bedi la apongozi ake n'kupereka ndodo ija ndi manja awiri.

Mkuluyo sanailandire.

"Isungeni, mayi," anatero motsitsa mawu. "Chikadzaliranso chitsulochi, mudzadziwe kuti si ine. Kubafa ndizipita chogwira khoma."