Ufa wofiira mumpunga wa a Shamima

Panali mayi wina ku Monkey Bay, a Shamima, wogulitsa mpunga wophika pa depoti ya minibasi. Mpunga wawo unkatchuka chifukwa unkafiirira ngati mango akupsa. Mtunduwo unkachokera ku timbewu tofiira ta mtengo wa aneba awo, a Keti, mtengo wobala zipatso zaminga umene ena amautcha achiyote. Timbewuto a Shamima ankatikazinga m'mafuta, n'kusefa, mafutawo n'kuphikira. N'todyedwa bwinobwino. A Keti ankawapatsa ulere, nthawi zina atawatongolera kale.

Chaka china mtengowo sunabale bwino. Ndiye kunabwera bambo wina pa njinga yamoto, akuti wochokera ku Chiponde, ali ndi ufa wofiira m'timajumbo.

"Amayi, ndi timbewu tomwe tija, koma topera kale," anatero bamboyo. "Supuni imodzi, poto yonse psuu!"

A Shamima anagula. A Keti ataununkhiza ufawo, anapukusa mutu.

"Anzanga, tanga tija timanunkhira. Uwu fungo ulibe, ndiye taonani kulemera kwake. Ingophikani woyera, anthu adyabe."

"Woyera agule ndani? Kapena zakuwawani poti ndasiya kudzapempha kwanu?"

A Keti anangoti, "Pepani," n'kubwerera kwawo.

Malonda anayenda ndithu. Makasitomala ankadya kamodzi, n'kukwera minibasi. Koma Subira, mwana wa a Shamima wa zaka zinayi, ankadya tsiku lililonse zotsala pansi pa poto, pomwe ufawo unkadikha. Anayamba kudandaula m'mimba, kenako kusanza. M'mawa wina anakomoka. A Keti ndi amene anam'bereka kuthamangira naye kuchipatala.

Adokotala atamva zimene mwanayo ankadya, anaitanitsa ufa uja n'kuupima. Unali penti waufa wopaka zitsulo za maboti kuti zisachite dzimbiri, wokhala ndi mtovu, womwe ndi poizoni. Wogulitsa uja sanaonekenso.

Subira anatuluka m'chipatala wamoyo, koma mutu sunabwerere m'malo mwake. Anzake anayamba sukulu ndi madrasa, iye amangokhala pakhonde. Akamuitana mayi ake, amawayang'ana ngati mlendo.

Phunziro: Chofiira chilichonse si chakudya ayi. Ufa wopanda dzina, wogula kwa munthu wodutsa, usalowe mupoto mwanu, ndipo mnzanu akakuchenjezani musathamangire kunena kuti ndi nsanje. Amayi anzanga, tumizani uthengawu kwa aliyense wophikira ana.