Makalata a Lalla Nefissa

Bukulo linafika nthawi ya nkhomaliro, banja litazungulira mbale ya kusikusi pansi pa mkuyu wa pabwalo. Wapositi anangolipereka pakhomo n'kupita. Pachikuto panali chithunzi cha malemu Pulezidenti ndi mkazi wawo, Lalla Nefissa. A kunyumba ya chikumbutso anali atasindikiza makalata amene awiriwa ankalemberana bamboyo ali m'ndende ya atsamunda, asanalamulire dziko. Kalata iliyonse anaijambula momwe ilili. Aliyense amene anagwirapo ntchito m'banja la Pulezidentiyo anamutumizira lake.

Mayi Khadouja anapukuta manja n'kulifungatira. Ali mtsikana ankagwira ntchito kwa Lalla Nefissa. Tsopano zaka zawo zakubadwa zinali zitapitirira makumi asanu ndi atatu, ndipo ng'ala inali itatseka maso onse awiri.

"Ridha, undiwerengere," anauza mwana wawo.

"Tidye kaye, amayi."

"Aphunzitsi athu mawu anawasiya kusukulu tsiku lopuma ntchito," anatero Salwa, mkazi wa Ridha, akuwonjezera msuzi. "Mukanati akuwerengereni za mpira, bwenzi pano tikugontha."

Ridha sanaseke. Anali wotopa ndi chinthu chimene anachisenza zaka makumi atatu. Tsiku lina kalelo, akadali mphunzitsi, anaperekeza ana asukulu ku nyumba ya chikumbutsoyo. Atawerama pa galasi lotchinga makalata a Lalla Nefissa, anayang'anitsitsa zilembo zake. Zilembozo ankazidziwa. Linali dzanja lomwe linamuphunzitsa kulemba dzina lake.

Kuyambira pamenepo zambiri zinamveka. Bambo ake, a Belgacem, nawo anamangidwa m'ndende yomweyo, monga amuna ambiri a nthawiyo. Anatuluka ndi chifuwa chimene chinawatenga Ridha ali ndi zaka zitatu. Lachisanu lililonse akazi amasiye a m'mudzimo ankapita kumanda ndi mitsuko kukathira madzi pa mitumbira ya amuna awo. Mayi Khadouja ankakwera basi ya kutauni. Ankakaima pa galasi la mayankho a Pulezidenti mpaka mlonda atayamba kutseka mazenera, n'kubwera maso ali psuu. Kumanda ankapitako pa chikondwerero cha Idi pokha.

"Tsamba limodzi lokha, mwanangu. Miyendo inandikana, maso andithawa. Ndatsala ndi makutu basi."

"Sindiwerenga."

Salwa anaika chikombe pansi.

"Ndimadziwa, amayi," anatero Ridha motsitsa mawu. "Makalata a mayi aja, dzanjalo ndi lanu."

Anayembekeza kuti akana, kapena alira. Iwo anangogwedeza mutu.

"Ndi langa, nanga n'la ndani? Lalla cholembera ankachigwira ngati mpeni wosendera anyezi. Kwawo atsikana sankapita kusukulu. Ine wamasiye ndi amene masisitere anandiphunzitsa. Ankangoti, uwauze ana ali bwino, denga likudontha. Pepala lonse lija ndikanalitumiza loyera?"

"Ndiye mawu ena aja? Oti usiku sukucha, oti mtima uli pakhomo la ndende?"

"Anga."

Ananena mopanda manyazi, ngati akutchula mbuzi zawo. Ridha anadzuka, mbale isanafike pakati. Ana asukulu m'dziko lonse ankaloweza mawu amenewo pamtima. Iyenso anawaphunzitsa chaka ndi chaka, akudziwa kuti ndi mayi ake akufunafuna mwamuna wa mwini. Ankamvera chisoni bambo amene nkhope yawo sankaikumbuka n'komwe, ogona pa mtumbira wouma.

"Amuna anga, mayi ndi mayi," Salwa anamutsatira mpaka pakhomo. "Mukufuna adzapite muli chikwiyire? Inu simunakondepo mopusa?"

"Ndinakwatira iwe."

"Ndiye mukudziwa mmene zimakhalira. Kawerengeni."

Sanapite. Anakhala m'munda wa azitona mpaka dzuwa kupendeka, osadula ngakhale nthambi imodzi.

M'mawa mwake anawapeza pansi pa mkuyu pomwepo, akusankha mphodza m'lichero ndi zala zokha. Kamwala akakakhudza, ankakaponya kumbali. Bukulo linali pamiyendo, lotsegula chadodolido. Ridha anaima kanthawi. Sanadziwe kuti mayi ake anachepa liti chonchi. Mkwiyo unali utamutopetsa kuposa khasu. Anakoka kampando, natenga bukulo, nalitembenuza.

"Kalata iti?" anafunsa.

"Za ine zisiye, ndimazidziwa. Werenga mayankho. Yamba ndi ya mwezi wokolola tirigu."

Anaipeza. Zilembo zake zinali zing'onozing'ono, zopendekera kumanzere, zothithikana kuti pepala likwane. Anawerenga ndi mawu ouma, ngati akuitana mayina m'kalasi.

"Kalata yako ndaipinda kanayi, ili m'thumba la pamtima. Alonda atilanda malamba ndi nsapato, koma iyi sanaione. Mphepo ikalowa pa kazenera, ndimatembenuka kuyesa ndiwe watsegula chitseko. Usasiye kulemba. Ndikatuluka, ndidzayamba kufuna dzanja limeneli ndisanafune madzi."

Zala za mayi Khadouja zinali zitaima m'lichero. Milomo yawo inkatsogola, mawu a Ridha n'kumatsatira. Misozi inatsika m'makwinya, iwo akumwetulira ngati mtsikana.

Ridha anatseka buku. 

"Ankadziwa kulemba, bwana wanuyo," anatero.

"Ndani? Uja?" Mayiwo anaseka mpaka kutsokomola. "Uja ankadziwa kukuwa pamsonkhano basi. Makalata a mkazi wake ankangoponyera mnzake wogona naye chipinda chimodzi kuti aziyankha. Tsegulanso, uwerenge mwaulemu, mwana iwe. Limenelo ndi dzanja la bambo ako."