Chidindo cha Padzanja

"Mwanayu asamagone pafupi ndi makwerero," anachenjeza mayi Dijkstra, eni nyumba.

Femke, mayi wa mwanayo, anangoseka. Pansi pa nyumbayo panali malo osewerera ana, otsekedwa kalekale, pomwe iyenso ankasambira m'dziwe la timipira ali wamng'ono.

Usiku wina akutsika kukataya zinyalala, anamva timipira tikugubuduka kuseri kwa chitseko chokhomedwa. Pakhomopo panali nsapato za mwana wake Joep, zitaikidwa bwinobwino.

Anathamangira kumwamba. Joep anali pabedi, thukuta kamukamu, padzanja pali chidindo chofiira chimene ankadinda ana polowa m'malo osewerera aja, inki yosauma.

"Amayi, anzanga akuti mawa ndikagone komweko. Akuti inunso amakudziwani."

"Dzuka, vala jekete. Tikupita kwa azakhali ako pompano."

"Nanga nsapato zanga?"

"Zisiye!"