Kamwanapiye ka Apongozi

Paison anamva kanthu kofewa pansi pa nsapato. Kanali kamwanapiye ka apongozi ake aakazi, kokhako kamene kanatsala chitopa chitasesa khola lonse. Kanali gone, timiyendo m'mwamba.

"Masiku atatu okha pa ukamwini, mwayamba kale kupha ziweto?" anatero mkazi wake Emma, akumupatsa beseni. "Kavundikireni, muziomba pamwamba, mwina katsitsimuka. Fulumirani, amayi achoka kale kumjigo."

Paison anagwada, nakavundikira. Anaomba ndi zikhato zonse ziwiri, kutchera khutu, kuombanso, thukuta lili kamukamu. M'katimo munali zii.

Kenaka anamva ndowa ikutulidwa kumbuyo kwake.

"Ng'oma mumaitha, bambo," anatero apongozi. "Tavundukulani, tione amene akuvinayo."