Tsiku Losamuka la a Apilo

Anyamata atanyamula benchi kupita nayo ku lole, a loya, eni ofesi yomwe inkasamukayo, anamva ngati awazula dzino.

Sanali loya wamba ayi. Anthu ankawatcha a Apilo chifukwa mlandu sankausiya panjira: akagonja, ankachita apilo. Ndege anazikwera mpaka kutopa nazo, ndipo tsopano banki yaikulu inali itawalemba ntchito. Lamulo la bankiyo linali limodzi: milandu ya anthu wamba ithere pomwepo.

Koma pa benchi imeneyo ndi pomwe panakhala munthu woyamba amene loyayo anamuimira pa mlandu, wokonza njinga wonunkha girisi. Masiku amenewo mkanjo wa kukhoti unali wobwereka, wofika m'mawondo. Kuseri kwa khoma makina a telala ankalira tsiku lonse, ndipo lero anali akulirabe chimodzimodzi.

"Bambo a ana, mukulirira thabwa?" anaseka akazi awo. "Kubanki kuli mipando yachikopa."

Pakhomo panaima mayi wina, mwana kumsana, miyendo ili mbuu ndi fumbi.

"Pepani, kwa loya wa ife osauka ndi kuno? Amuna anga awatsekera, akuti anaba mbuzi. Mawa ali kukhoti."

"Tatseka, mayi," anayankha mofatsa akazi a loyayo.

A Apilo anayang'ana makoma opanda kanthu. Kenako anavula jekete lawo logula kunja, naliyala pa katoni ya mabuku.

"Khalani apa, mayi. Mbuziyo aipeza m'manja mwa ndani?"

Akazi awo anapumira m'mwamba, natuluka kukauza dalaivala wa lole kuti ayambe wazimitsa injini.