Tsamba Lachinayi pa Menyu

Ndinaloza mausi ya kompyuta pa mawu akuti "Mwayi wa Ntchito", ndipo menyu ya webusaiti ya kampani yathu inatambasuka pakhoma pamene ndinkaionetsera, antchito onse akuona.

Panayenera kutuluka masamba atatu. Panatuluka anayi.

Sabata yonse ndinakhala ndikukonza menyuyi kuti tsamba lalikulu lililonse lizisonkhanitsa lokha masamba ang'onoang'ono a pansi pake. Chimene ndinaiwala n'kuiuza kuti izisiya masamba obisika, amene eni ake sanafune kuti aoneke.

"Lachinayilo n'latsopano eti?" anafunsa mayi wolandira alendo, akutafuna cholembera. "Tatsegulani asisi, mwina mlamu wanga n'kupezapo pogwira. Watitopetsa n'kugona pasofa."

"Musatsegule," anatero abwana.

Koma chala changa chinali chitadina kale.

Pamwamba pa tsambalo panalembedwa kuti, "Tikufuna katswiri wokonza webusaiti, woti ayambe mwezi wamawa." Pansi pake panali mndandanda wa ntchito zonse zimene ndimagwira, m'mawu anga enieni. Ndinaulemba ndekha mwezi watha abwana atandipempha, ine n'kumaganiza kuti akufuna kundikweza.

Pakampani pathu wokonza webusaiti ndi mmodzi yekha.

Mayi uja anachotsa cholembera mkamwa.

Abwana anakhosomola, n'kukonza tayi.

"Menyu ikugwira bwino kwambiri, mwayesetsa," anatero, maso ali patebulo. "Lachisanu lisanafike, mulembe bwinobwino mmene mwaipangira, kuti munthu asadzavutike."