Zobiriwira za ku Madurai

"Zonse zili bwino, bwana, onani nokha," anatero Thenmozhi, akuloza sikirini yaikulu ya pakhoma. Maseva onse, makompyuta akuluakulu a kunthambi ya ku Madurai, ankaonetsa zobiriwira, kusonyeza kuti ali bwino.

A Ramanathan, eni masitolo a mankhwala amene iye ankawayang'anira makompyuta, sanacheuke n'komwe. Anangoika foni yawo patebulo. M'fonimo munkamveka wogulitsa wa kunthambiko akupepesa odwala amene anali pamzere: kompyuta yafa kuyambira m'mawa, mankhwala sakutuluka.

Thenmozhi anasendera pafupi. Pambali pa zobiriwirazo panali deti m'zilembo zing'onozing'ono. Linali la dzulo.

Anaimbira Selvam, mnzake wa kunthambiko.

"Achimwene, kamakina kotumiza malipoti kuno katani?"

"Kakupuma, chemwali," anayankha Selvam akutafuna. "Dzulo pa Ayudha Puja, mwambo uja wolemekeza zida za ntchito, tinakapukuta, tinakaveka maluwa n'kukazimitsa. Chida chimapuma pa tsiku lake, mukudziwa inunso. Sitinakayatsebe. Kodi kwanuko alamu sinalire?"

Sinalire. Pulogalamu ya alamuyo Thenmozhi anailemba yekha. Anaiphunzitsa kukuwa seva ikanena kuti yadwala, koma sanaiphunzitse kufunsa seva ikangoti zii.

A Ramanathan anatola foni yawo, kenako anayang'ana khoma lija kwa nthawi yoyamba.

"Mwana wanga," anatero motsitsa mawu, "anthu ali pamzerewo ndiwauze chiyani? Kuti dzulo zinali bwino?"

Thenmozhi anaweramitsa mutu. Pakiyibodi yake panali kadontho kofiira ka mwambo womwewo, kamene anapaka dzulo ndi chala chake.